Kutsuka ndi kuwalitsa zikho popanda kuzipha

Zikho zambiri za mipikisano zomwe zathera m'maofesi a ahedi, m'makalabu ndi m'makabati a pabalaza sizinaphedwe ndi fumbi. Zinaphedwa ndi munthu wachangu amene ankafuna ziwale mawa lake pamwambo, n'kutenga sitiliwulo, Vim kapena phulusa, n'kuyamba kukwecha ngati akutsuka poto wa nsima. Poto ndi chitsulo chimodzi kunja ndi mkati, ndiye ukamakwecha umangotulukira pa chitsulo chowala. Chikho ayi. Kuwala kwa zikho zambiri kuli pa kachikutiro kopyapyala kuposa tsitsi: tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pomwe siliva wokutira chikho nthawi zambiri sapitirira 30, ndipo golide mwina safika n'komwe micron imodzi. Kachikutiroko kakachoka kachoka, palibe polishi angakabwezere. Ngakhale mendulo ya golide ya Olympics ndi siliva wokutidwa ndi golide wa magalamu 6 kapena kuposerako pang'ono, nanji chikho cha mpikisano wa kuzoni.

Choncho ntchito imayamba nsalu isananyowe. Tembenuzani chikho muone kunsi ndi m'mphepete mwa mlomo. Mukapeza nambala ya 925, kapena kachizindikiro ka mkango woyenda, ndi siliva weniweni, magawo 92.5 pa 100, otsalawo ndi kopa. Zikho zakale zochokera ku Britain zimakhalanso ndi chizindikiro cha mzinda: nangula ndi Birmingham, mutu wa nyalugwe ndi London, chisoti chachifumu ndi Sheffield pa zinthu zakale. Mukaona zilembo EPNS, siliva ali pamwamba pokha, pansi pake ndi chitsulo chosakaniza kopa, nickel ndi zinc. EPBM ndi chimodzimodzi koma chitsulo cha pansicho n'chofewa, chimapindika ndi chala ndipo sichifuna moto. Kenako yesani maginito. Siliva, mkuwa ndi aluminiyamu sizikoka maginito. Akamata, ndiye pansi pa kuwalako pali chitsulo wamba chomwe chimachita dzimbiri, ndipo chikho chotero sichiyenera kuviikidwa m'madzi. Pomaliza chikhudzitseni patsaya ndi kuchigogoda ndi chikhadabo. Chitsulo chimazizira ndipo chimalira. Chikakhala chopepuka, chosazizira, chongoti "gu gu", ndi pulasitiki, kaya chikuoneka chagolide bwanji.

Chinanso, chikho chimodzi chimakhala ndi zinthu zitatu kapena zinayi: mbale yachitsulo, kachidole ka pulasitiki pamwamba, tsinde la mtengo kapena la mwala, ndi kachitsulo kolembedwa mayina. Chomwe chiwalitsa china chimadya chinzake. Ndimu amawalitsa mkuwa koma amadya mwala wa marble. Madzi amatsuka galasi koma amafufumitsa thabwa. N'chifukwa chake ndi bwino kumasula. Zikho zambiri zimagwiridwa ndi bawuti limodzi lalitali lodutsa pakati, lomangidwa ndi nati kunsi kwa tsinde, nthawi zina yobisika ndi kansalu kobiriwira komata. Jambulani chikho ndi foni musanamasule, ndipo zidutswa muzizindandalika pa thawulo motsatana ndi mmene zikuchokera. Nati ikakana chifukwa cha dzimbiri, idonthezereni WD-40 kapena mafuta a makina osokera, mudikire mphindi 15, koma mafutawo asakhudze marble chifukwa amalowa n'kusiya banga. Pobwezera pakani Vaseline pang'ono pa mazinga a bawuti, mumange mpaka chikho chisiye kugwedera basi. Kukungitsa kwambiri ndi komwe kumang'ambula matsinde.

Zida zake n'zochepa: nsalu zofewa za thonje zitatu kapena zinayi (T-shirt yoyera yakale, yochapa bwino, yopanda zolemba, imakwana), thonje, burashi yofewa yopentera yomwe sinalowepo mu penti, mswachi wa ana, sopo wamadzi wotsukira mbale, ndi beseni la pulasitiki loyalamo thawulo pansi. Sopo wa ufa wochapira zovala ayi, Jik ayi ndithu: Jik amadetsa siliva ndi kumuboola timaenje. Mphete ndi wotchi vulani.

Kaya chikho n'chachiyani, choyamba ndi kuchotsa fumbi ndi burashi youma, kuyambira pamwamba. Fumbi la mwezi wa October lili ndi mchenga, ndipo mukalipukuta ndi nsalu mumangolikhutiza pa chitsulo n'kusiya timizere tozungulira tomwe timaoneka pa dzuwa. Kenako madzi ofunda, osati otentha, lita imodzi yothiramo madontho asanu kapena asanu ndi limodzi a sopo. Pukutani ndi nsalu yofinya, tsukuluzani ndi ina ya madzi oyera, umitsani nthawi yomweyo. Pa zikho zambiri ntchito imathera pomwepa. Polishi ndi wa zomwe zakana.

Siliva ndi zokutidwa ndi siliva

Siliva sachita dzimbiri, amada. Mumpweya muli sulphur pang'ono, ndipo akakumana ndi siliva amapanga kachikutiro komwe kamayamba kachikasu, kenako kofiirira, kenako kakuda bii. Chinyezi chimafulumizitsa, n'chifukwa chake chikho chomwe chinali bwinobwino mu September chimapezeka chada pofika February. Utsi wa makala, mazira, anyezi, ubweya, nyuzipepala ndi mphira zonse zimatulutsa sulphur. Kalabala komangira ndalama kakakhala pa siliva miyezi ingapo kamasiya mzere wakuda womwe nthawi zina sutheka.

Kuda kukadali kwachikasu, sopo ndi nsalu zimachotsa. Kukafika pofiirira, gwiritsani polishi wa siliva monga Silvo, osati Brasso, yemwe ndi wokhakhala kwambiri kwa siliva. Gwedezani botolo, donthezani pa thonje kadontho kosaposa njere ya chimanga, mupake malo aang'ono, kupita n'kubwerera molunjika, osati mozungulira. Thonje likada tembenuzani, chifukwa chakudacho chimakanda. Musadikire kuti nsalu isiye kuda: siidzasiya, popeza polishi amachotsa siliva weniweniyo pang'onopang'ono. Lekani chikho chikangowala. Mukaona mtundu wachikasu kapena wofiira ukutulukira m'makona, pa zogwirira kapena pa zilembo, imani, siliva watha pamenepo ndipo mukuona chitsulo cha pansi. Polishi wotsalira m'zozokota amauma n'kuyera ngati ufa, ndipo amasunga chinyezi. Muchotseni ndi mswachi wonyowa musanaumitse.

Pali njira ina yomwe sipala siliva. Yalani pepala la foyilo ya aluminiyamu m'beseni, ikani chikho chikhudze foyiloyo, thirani masupuni awiri aakulu a soda pa lita iliyonse, soda yemweyu wothira m'therere, kenako madzi ongophulidwa kumene mpaka chikho chimire. Pakatha mphindi ziwiri mpaka zisanu mudzamva kafungo ka dzira lovunda: sulphur akuchoka pa siliva, aluminiyamu ndi amene akudyeka. Chikho chisanakhudze foyilo palibe chichitike, ndiye chitembenuzeni ndi mthiko kuti mbali zonse zikhudze. Foyilo ikasowa, poto wakale wa aluminiyamu amagwira ntchito yomweyo, kungoti amada mkati. Tsukuluzani bwino, umitsani, pukutani ndi nsalu youma chifukwa siliva amatuluka woyera koma wosanyezimira.

Anthu amaitama kwambiri njirayi, koma ife timaiona ngati ya zikho zosalala, za chitsulo chokhachokha. Imachotsa ndi kuda kwa m'mizere ya maluwa ndi zilembo komwe mmisiri anasiya dala kuti zozokota zioneke, chikho n'kutsala mbuu, chopanda nkhope. Madzi otentha amasungunula guluu, amalowa m'zogwirira za mphako n'kumadzatuluka pakapita sabata ali obiriwira, ndipo zikho zina zakale zili ndi tsinde lodzazidwa phula lakuda kapena pulasitala kuti lilemere, zomwe sizifuna kutentha kapena kunyowa. Mkati mwa mbale mukakhala mwagolide, musapakemo polishi aliyense. Sopo ndi thonje basi.

Za mankhwala otsukira mano: amawalitsadi, koma ali ndi timchenga topangidwira mano, omwe ndi olimba kuposa siliva. Pa chikho chokutidwa ndi njira yachidule yothetsera chikutiro.

Mkuwa

Dzina loti mkuwa timatchulira zitsulo zitatu. Kopa ndi wofiira. Brass ndi wachikasu, kopa wosakaniza ndi zinc. Bronze ndi woderako, kopa wosakaniza ndi tin. Funso loyamba pa zonsezi n'loti kodi pali vanishi pamwamba. Opanga zikho ambiri amapopera vanishi woonekera kuti mpweya usafike pa chitsulo. Yesani kadontho ka Brasso pamalo obisika: thonje likada msanga, palibe vanishi, likakhala loyera, vanishi alipo, ndipo chikho chotero chimangofuna nsalu yonyowa. Vuto limabwera vanishi akayamba kusupuka. Chikho chimachita mathothomathotho, pena powala pena pakuda, ndipo kupolisha kumangoonjezera kusiyanako. Pamenepo vanishi yense ayenera kuchoka ndi acetone, mankhwala osungunula vanishi, panja, kutali ndi moto, pulasitiki ndi matabwa zitamasulidwa kale, kenako n'kupolisha chitsulo chonse pamodzi.

Brass wopanda vanishi ndi wosavuta. Brasso pang'ono, kupaka, kudikira aume pang'ono, kupukuta ndi nsalu ina. Brasso ali ndi ammonia, ndiye asatsalire m'ming'alu ndi m'malumikizidwe, chifukwa ammonia amang'ambula brass wopyapyala pakapita nthawi. Wa kunyumba amapangidwa chonchi: supuni yaing'ono imodzi ya mchere, theka la kapu ya viniga woyera, ndi fulawa wokwanira kuti zikhale phala lolimba. Pakani, musiye mphindi 10, tsukani. Ndimu wodula pakati wothira mchere amachitanso chimodzimodzi, bola mcherewo usungunuke kaye mu madzi a ndimuyo. Koma asidi akakhalitsa amadya zinc n'kusiya kopa, brass n'kusanduka wapinki. Mukatsuka, pukutani ndi madzi othira supuni yaing'ono ya soda pa kapu kuti asidi afe, mutsukuluzenso ndi madzi oyera, muumitse mpaka m'makona. Mchere wotsalira ndi umene umabweretsa zobiriwira mwezi wotsatira.

Bronze musamuwalitse. Mtundu wake wodera, wakuda kapena wobiriwirako nthawi zambiri ndi wadala, mmisiri anaupanga ndi mankhwala, ndipo ndi womwe umateteza chitsulo. Burashi, nsalu yonyowa pang'ono, kenako phula lopyapyala. Osunga zinthu zakale amakonda Renaissance Wax, yemwe anapangidwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950, koma polishi wa nsapato wopanda mtundu amathandiza ngati winayo palibe: pakani pang'ono kwambiri, mudikire mphindi 20, mupukute. Chomwe muyenera kuchiopa pa bronze ndi kaufa kobiriwira motuwa komwe kamayoyoka mukakhudza n'kubwereranso mukapukuta. Kameneko ndi mchere wolowa m'chitsulo womwe ukudya mkati, ndipo kamakula ndi chinyezi. Chotsani ndi mswachi wouma, musathirepo viniga, musapakepo phula pamwamba pake, ndipo chikho chikhale malo ouma.

Komanso zidole zambiri zooneka ngati bronze, wosewera mpira akumenya chikopa kapena wa netball atakweza mkono, si bronze. Ndi utomoni woumba wopakidwa penti. Sizizizira patsaya, ndipo pomwe zabenthuka mkati mwake ndi moyera. Burashi youma ndi nsalu yonyowa pang'ono, osaposa apo.

Pewter, chitsulo chotuwa cha tin chomwe amapangira makapu a mphotho okhala ndi chogwirira, sichiwala ngati siliva ndipo musachikakamize. Sopo, madzi ofunda, kuumitsa. N'chofewa, chimasungunuka pa kutentha kosapitirira madigiri 230, ndiye chisayandikire mbaula. Chakale kwambiri chimatha kukhala ndi mtovu, musamamweremo.

Zagolide za pulasitiki ndi mamendulo

Izi ndizo zadzadza m'masukulu ndi m'mipikisano ya m'madera. Kuwala kwake ndi aluminiyamu wopoperedwa pa pulasitiki, wopyapyala kuposa chikutiro china chilichonse, pamwamba pake vanishi wachikasu. Brasso akangopitapo kamodzi, chikasu chimachoka n'kutsala mtundu wasiliva. Kawiri, mwafika pa pulasitiki wakuda kapena woyera. Sipiriti, parafini, petulo ndi thinner zimasungunula vanishiyo. Chololedwa ndi burashi, nsalu yofinya kwambiri ya madzi a sopo, ndi kuguguda ndi nsalu youma m'malo mokhutiza. Selotepi ndi mapepala omata musaike pa zikho izi, amachoka ndi golide yemwe. Kadzanja kakathyoka lumikizani ndi guluu wa epoxy wosakaniza machubu awiri. Super Glue amatulutsa nthunzi yomwe imasiya chifunga choyera kuzungulira polumikizapo.

Mamendulo ambiri ndi zinc wokutidwa. Viniga ndi ndimu zimalowa m'timaenje ta chikutiro n'kudya zinc pansi pake, mendulo n'kuchita matuza ndi kaufa koyera. Matuzawo alibe mankhwala. Chotsani riboni musanatsuke, chifukwa utoto wake umasuluka, ndipo riboniyo muichape payokha m'madzi ozizira.

Galasi ndi acrylic

Zimafanana m'maso koma sizifuna zofanana. Galasi ndi lolemera, lozizira, limalira ukaligogoda. Limapirira sopo ndi viniga, koma limadana ndi kusintha kwa kutentha mwadzidzidzi, makamaka galasi lokhuthala la crystal lomwe lili ndi mtovu. Madzi otsukira ndi otsukuluzira akhale ofunda mofanana. Tsukani chimodzi chimodzi m'beseni loyala thawulo, kutali ndi mpopi wachitsulo, chifukwa makona ambiri amabenthukira pa mpopi. Mawanga oyera a madzi a pa mjigo amachoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Galasi lomatidwa pa tsinde lisaviikidwe, ndipo musalinyamulire kumutu.

Acrylic, pulasitiki woonekera ngati galasi, ndi wopepuka ndipo amakandika ndi chilichonse, ngakhale tishu ndi nyuzipepala. Mankhwala opopera mawindo, sipiriti ndi acetone zimamuchititsa chifunga ndi timing'alu tambirimbiri tamkati, makamaka m'mphepete momwe anadulidwa, ndipo zimenezo sizibwerera. Madzi a sopo ndi nsalu yofewetsetsa basi. Kumupukuta wouma kumapangitsa kuti azikoka fumbi, choncho nsalu izikhala yonyowa pang'ono. Timizere tosazama timachepa ndi polishi wa magalasi a nyali za galimoto, koma musafike naye pa zilembo zosindikiza.

Matsinde, zishango ndi mayina

Marble amadyeka ndi asidi aliyense. Dontho la ndimu, viniga kapena Fanta limasiya banga losawala m'mphindi zochepa, ndipo si litsiro loti mungachotse, mwala wadyeka. Madzi a sopo ndi kuumitsa. Banga la mafuta limakokedwa ndi phala la soda ndi madzi: pakani lokhuthala, phimbani ndi pulasitiki, musiye maola 24, mwina mubwereze kawiri.

Pa mtengo, onani kaye kunsi. Mlombwa kapena mbawa weniweni amaonetsa mizere ya mtengo mbali zonse. Matsinde ndi zishango zambiri zogula masiku ano ndi utuchi wopanikiza wokutidwa ndi pepala looneka ngati mtengo, ndipo madzi akalowa m'kona chimafufuma osaphweranso. Zonse ziwiri pukutani ndi nsalu yofinyitsitsa, muumitse. Mtengo weniweni upakeni phula la njuchi kamodzi kapena kawiri pa chaka. Mafuta ophikira ayi: amayamba kununkha, amanata, amaitana fumbi ndi mphemvu. Mukaona timabowo ndi kaufa pansi pa chishango, muli tizilombo. Masulani zitsulo, mangani thabwalo m'pulasitiki mosalowa mpweya, liikeni mu firiji youmitsa kwa masabata awiri, bola magetsi asamazimezime, ndipo mukatulutsa musamasule pulasitikiyo mpaka tsiku lathunthu litatha kuti thukuta lisagwere pa thabwa.

Chishango cha chaka ndi chaka, chokhala ndi tizitsulo tambiri ta mayina a opambana, ndi chomwe chimavuta kwambiri. Polishi wa chitsulo akagwera pa thabwa amasiya mkombero woyera kuzungulira kachitsulo kalikonse, ndipo ukayang'ana zishango zakale m'masukulu uona mikombero imeneyi pafupifupi pa chilichonse. Ngati tizitsuloto n'tomanga ndi tizisikuluwu, masulani kamodzi kamodzi, mupolishe, mubwezere musanamasule kena, kuti zaka zisasokonekere. Ngati n'tokhomera ndi timisomali, dulani bowo lofanana ndi kachitsuloko pa katoni yopyapyala, muphimbe thabwa, mupolishe kudzera pabowopo ndi thonje lokulunga pa kamtengo ka machesi. Zilembo zozokota zimafufutika ndi kupolisha chaka ndi chaka, ndiye pa dzina pitanipo kamodzi mopepuka. Tizitsulo takuda kapena tagolide tolembedwa ndi makina tili ndi utoto pamwamba; timeneto nsalu yonyowa yokha.

Chikho chikabwera kuchokera ku chisangalalo, chitsukeni tsiku lomwelo. Mowa, shampeni ndi zakumwa zotsekemera zomwe osewera amathiramo zili ndi asidi ndi shuga, ndipo thukuta la m'manja lili ndi mchere womwe umasindikiza zala pa siliva ndi brass ukakhala masabata. Pochibwezera m'kabati gwirani ndi nsalu kapena magolovesi a thonje, osati a mphira. Kabati ikhale yotseka, yosatsamira khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja, yosaombedwa ndi dzuwa la pawindo chifukwa limasulutsa maliboni ndi kuchititsa pulasitiki chikasu. Ikanimo timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato, anayi kapena asanu pa shelefu, ndipo muzitiumitsa mu uvuni wotentha pang'ono tikakhuta chinyezi. Chosungidwa nthawi yaitali chikulungidwe m'nsalu yoyera ya thonje kenako m'thumba la pulasitiki lotseka, osati pulasitiki yomata ija yophimbira chakudya, yomwe imakakamira pa siliva ndi vanishi. Chikho chosungidwa chonchi chimafuna polishi kamodzi pa chaka, mwinanso osafika.

Zina si za panyumba. Chikho chobonyoka musachiwongole ndi hamala kapena kumbuyo kwa supuni, chitsulo chimatambasuka ndipo chikutiro chimang'ambika. Chogwirira chothyoka chisapite kwa owotcherera mageti, moto wawo umaboola mbale yopyapyala ndipo EPBM ndi pewter zimangosungunuka. Chimafuna mmisiri wa mphete ndi ndolo. Siliva wotha amatheka kukutidwanso ndi magetsi kwa amisiri a ntchito imeneyo, koma asanakute amayamba asalaza chitsulo ndi makina, zomwe zimafufuta zilembo zosazama. Jambulani mayina ndi zaka zonse musanapereke, ndipo muwauze kuti pa zolembapo asapitepo ndi makina.